Chimene a Sakala Anakwirira Pagolo

Timu yathu itawina gemu yotsegulira ligi m'chaka cha 1983, tinasangalala mphindi khumi zokha. Pofika mphindi ya khumi ndi chimodzi tinali titayamba kale kuyang'anana cham'mbali. Musatiseke. Timu imeneyo tinkaidziwa ngati mmene mayi amadziwira mwana wake wokodza pogona. Dzina lake linali Dziva Swallows, ife olankhula Chinyanja kuno ku Dzivarasekwa, ku Harare, tinkangoti Anamzeze, ndipo chiyambire inali isanawinepo gemu yoyamba ya chaka. Goloboyi wathu anali ndi manja ngati sefa. Ndiye anyamata a ku Mbare abwere ndi basi yawo, ng'oma zawo, majezi atsopano onunkhira sitolo, n'kubwerera atamwetsedwa ziwiri kwa duu? Ndi ifeyo? Ayi ndithu, panali china chake.

Chimene chinatidabwitsa koposa chinachitika chakumapeto. Wosewera wawo wakutsogolo anadutsa aliyense, goloboyi wathu n'kugwa chagada monga mwa masiku onse, mpira n'kumagubuduka wokha kulowera kugolo la kumitengo ya bulugama. Anthu a ku Mbare anali atadumpha kale. Mpira uja unafika pafupi ndi mzere, n'kuima. Kuima njii, ngati wina wautchula dzina. Ine ndinali pomwepo kuseri kwa golo ndi beseni langa la mazira owiritsa ndi maputi, ndinaona ndi maso angawa.

Ine ndine Eneles Mwanza, ndagulitsa pabwalo limenelo kuyambira ana anga ali kumsana. Pakamwa ndili napo, sindikana, koma kufikira chaka chimenecho panalibe munthu m'Dziva muno amene akanati Eneles wanama. Mbiri imeneyo ndinkainyadira kuposa nsalu zanga zonse.

Ng'oma zitazirala, a Luka, tcheyamani wa masapota athu, Mshona wamimba yaikulu amene anali folomani ku fakitale ya mipando, anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Kodi mpira umaima wokha?" anafunsa. Makosi onse anatembenukira kwa mkulu wina wowonda amene anali pakona ya bwalo, akutola zikhomo ngati palibe chachitika. Amenewo anali a Yosiya Sakala, osamalira bwalo.

A Sakala anachoka kwawo ku Katete nkhondo ya azungu itangotha, ali mnyamata wopanda ndevu, pa lole ya anthu olemba antchito a m'mafamu a fodya. Fodya anamupirira zaka zitatu, kenako anathawira m'tauni n'kupeza ntchito ya m'gadeni pa kalabu ina ya azungu, kumene ankasewera paudzu wometedwa ngati mutu wa msilikali. Kumeneko ndi kumene anaphunzira chingwe, zikhomo ndi laimu. Ankatiuza kuti mzere ukakhota ndi chala chimodzi chokha, mzungu woyang'anira ankakankha ndowa ndi phazi, iwe n'kuyambiranso. Atachoka uko anakhala mlonda pamalo ena ogulitsa matabwa, ndipo ulondawo anakalamba nawo.

Anyamata a kuno atayamba kumenya mpira pathengo la kuseri kwa holo ya mowa, malire ankaika miyala ndi malaya. A Sakala anaonerera kawiri, katatu, mtima unawapweteka, tsiku lina anangotulukira ndi chingwe chawo popanda wowatuma. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse akaweruka ku ulonda m'mawa, m'malo mokagona ankapita kukalemba mizere. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, abale. Komiti inawapatsa kiyi wa kashedi kamalata kosungiramo maukonde, ndowa ndi wilibala, ndipo kiyiyo ankamuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato, ngakhale kutchalitchi. Mpira weniweniwo sankauonera n'komwe. Ena akamakuwa kuti chigoli, iwo ankakhala akuyang'ana pansi, nkhope itakwinyika, chifukwa wina wafufuta mzere ndi jombo.

Koma dzina limene ife akwathu tinkawadziwa nalo linali a Chakachamawa. Ukangowafunsa kuti nanga kumudzi, yankho linali limodzi: "Chaka chamawa, alongo." M'chipinda mwawo munali thiranki yachitsulo yolongeza kale, ya suti, mabulangete awiri ndi nsalu zokapatsa abale, ndipo inkatsegulidwa kamodzi pachaka kuti zinthu zione dzuwa. Khonsolo itayamba kulemba mayina a ofuna nyumba, anakana kulembetsa, ati nyumba ya chiyani munthu wapaulendo. Anakhalabe loja m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, pakhomo pa simenti yokhayokha mpaka kuchimbudzi. Akazi awo, malemu Olinda, tsiku lina anameretsa mango m'chitini. A Sakala anakapereka kwa aneba. "Mango amabereka patatha zaka zisanu, adzadya ndani?" Olinda anamwalira kutatsala chaka chimodzi kuti ufulu ubwere, tinamuika kumanda a konkuno, ndipo ngakhale pamandapo bambowa ananena kuti angomusungitsa. Ufulu utabwera, tonse tikuvina mumsewu, iwo anaima pageti n'kumaomba m'manja mwaulemu ngati mlendo paukwati wa eni. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma a Sakala analibe ngakhale limodzi.

Mwana anali naye mmodzi, Lidiya, wobadwira konkuno, amene Chinyanja ankamva koma poyankha ankathawira ku Chishona. Lidiya anatenga mimba ya kondakitala wina wa basi amene atangomva nkhaniyo anasanduka mphepo. Anachira ku kiliniki kutatsala masabata awiri kuti ligi iyambe, mwana wamwamuna, dzina lake Chiza. Ine kukamuona mwanayo sindinapite. Ndinkati ndatanganidwa ndi malonda. Zoona zake n'zakuti ndinali nditamunena kwambiri mtsikanayo pampopi, ndipo nkhope inkandilemera.

Tsopano imvani chimene ndinaona. Loweruka, gemu yotsegulira ija ili mawa lake, ndinalawirira kukakwera basi yoyamba ya ku Mbare Musika, msika waukulu uja, kukapikula katundu, ndipo ndinadulira pabwalo. Kunja kunali kutayamba kuyera. Pagolo la kumitengo paja panali munthu atagwada. Ndinabisala kuseri kwa bulugama. Anali a Sakala, akadali m'jasi la ulonda, akukumba ndi kakhasu kakang'ono. Anatulutsa m'thumba kansanza kabuluu ka maluwa achikasu, komanga mfundo, n'kukaika m'dzenjemo, n'kukwirira, n'kusalaza ndi chikhatho, milomo ikugwedera ngati akulankhula ndi wina. Chaka chimenecho mvula inakana, nthaka inali gwa ngati mwala. Munthu wamkulu kulimbana ndi nthaka yotero mbandakucha, pagolo, gemu ili mawa, inu mukanaganiza chiyani?

Ndinasunga nkhaniyo tsiku limodzi lathunthu, ndipo kwa ine kumeneko ndiye kuyesetsa. Koma mpira uja utaima ndendende pamalo omwewo, pakamwa panandiyabwa. Ndinauza mayi mmodzi yekha, wogulitsa nzimbe pafupi nane, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu. Mmene ndinkapinda nsalu yanga kuti ndizipita, nkhani inali itafika kale kwa a Luka, itanenepa: ena ati m'kansanzamo munali dzino la fisi, ena ati chala cha munthu.

Muyenera kudziwa kuti anzathu Achishona ankatitchula tonse Maburandaya, ndiye kuti a ku Blantyre, kaya unachokera ku Blantyre, kaya ku Katete, kaya ku Tete, ndipo ankakhulupirira kuti aliyense wa ife ali ndi kabotolo kunsi kwa bedi. Choseketsa n'chakuti ifenso, nkhani ikakhala ya mnzathu, tinkakhulupirira zomwezo.

Lolemba gulu lina la masapota linapita kwa a Sakala ndi chigubu cha masese, likuimba, ati sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, mutikonzerenso golo linalo kuti chaka chino titenge chikho. A Sakala anawabweza ndi mowa wawo womwe. Lachiwiri bondo la goloboyi wathu linatupa. Bondo limenelo linkatupa chaka ndi chaka, koma ulendo uno mayi ake anagubuduka mumsewu akulira kuti mushonga wa Maburandaya, mankhwala athu ife, umadya wosewera mmodzi pachaka ndipo wayambira mwana wawo. Omwe aja ankaimba Lolemba anayamba kulambalala nyumba ya a Sakala. Anthu a ku Mbare nawo analemba kalata yodandaula kwa akuluakulu a ligi, ndipo kunamveka zoti bwalo lathu likhoza kutsekedwa.

Lachitatu anthu ataweruka, komiti inakumana pansi pa mitengo ija, ife tonse titazungulira.

"Sekuru," anatero a Luka, "sitikukana kuti mwatigwirira ntchito. Koma tiuzeni, pagolo apo munakwirira mushonga wanji?"

"Ine mankhwala sindinakwirire," anayankha a Sakala.

"Nanga mai Eneles anaona chiyani?"

"Afunseni eni ake maso."

"Ndiye tengani khasu mukumbe, tione."

"Bwalo limene ndasalaza zaka zonsezi sindingalikumbe ndi manja anga."

A Luka anapukusa mutu. Anagamula kuti Lamulungu, gemu isanayambe, adzakumba okha pamaso pa aliyense ndi pamaso pa munthu wa ligi, ine ndidzaloze malo. Akadzapeza kanthu, kalikonse, a Sakala adzabweze kiyi, ndipo phazi lawo lisadzapondenso pabwalopo. A Sakala anangogwira kiyi uja pachifuwa. Ndinaona mmene anamukakamirira, ndipo mumtima ndinati eya, wopanda mlandu amaopanji?

Lachinayi ndinamanga kasopo ndi thewera m'mpango n'kupita kukaona mwana wa Lidiya. Ndisanamizire chifundo, ndinkapita kukanunkhiza. Ndinkafuna kusuzumira kunsi kwa bedi. A Sakala kunalibe, ndipo Lidiya anandilandira mozizira monga ndinkayenera. M'chipindamo munali bedi, mphasa, pulayimasi ndi thiranki ija. Kunsi kwa bedi kunali nsapato ndi chitini cha laimu, basi. Pofuna kubisa manyazi ndinapempha kuti ndimusambitse mwanayo. Nditamuvula ndinaona kuti pamimba papola bwinobwino.

"Mchombo unagwa liti?" ndinafunsa.

"Lachisanu lapitali," anatero Lidiya, theka Chinyanja theka Chishona.

"Munauika kuti?"

"Ine ndimati ndiuponye m'bini, baba anandikalipira ngati ndapha munthu. Anati zimenezi n'za amayi akuluakulu akwathu. Ndinatuma uthenga kwa inu kawiri, mbuya, simunabwere. Ndiye anang'amba kansalu pa chitenje cha malemu amayi, anaukulunga, n'kutuluka nawo popita kuntchito. Kumene anakauika sindikudziwa, anakana kundiuza."

Anandilozera chitenjecho, chili pamwamba pa thiranki. Chabuluu, cha maluwa achikasu, chong'ambika pakona.

Mayo ine! Madzi osambitsira mwana aja ndinangowamva kuzizira m'manja. Uthenga ndinaulandiradi, kawiri konse, ndipo kawiri konse ndinati ndibwera mawa. Kwathu mchombo wa mwana ukagwa, amautenga ndi amayi achikulire n'kukaukwirira mwakachetechete pafupi ndi nyumba, pamalo osadziwa wina aliyense, kuopa anthu oipa amene amafuna zoterezi kuti apangire zawo. Ndipo kumene kwakwiriridwa mchombo wako, kwanu ndi komweko, ngakhale utayenda mpaka ku Joni. Mwamuna saugwira n'komwe. Ntchito imeneyo inali yanga ineyo, Eneles, ndipo nditaikana ndinakabisala kuseri kwa mtengo n'kumaonerera bambo wamasiye akundigwirira.

Ndinawapeza kushedi akusungunula laimu m'ndowa. Ine manyazi akandigwira ndimakalipa, ndi chibadwa changa, ndiye ndinayamba ndi kukalipa.

"A Sakala, munthu wamkulu ngati inu! Dziko lonseli, mchombo wa mwana mpaka pagolo?"

Anayang'ana kaye uku ndi uku, kenako n'kuika pansi ndodo yotakasira. "Tsitsani mawu, alongo. Ndikanauika kuti? Pakhomo paja n'pa eni, ndipo ndi simenti yokhayokha. Dzala kulibe, zinyalala amatenga a lole Lachiwiri. Kutchire uko mawa amangako nyumba. Ndinapita nawo kuntchito m'thumba ndikuganiza, ndipo ndinapeza kuti m'Harare yense muno dothi limene ndimalidziwa ndi ili lokha. Pagolo ndi pamene amapondaponda kwambiri, ndinati pofika madzulo sipadzaoneka. Nsanamira ziwiri zija ndinati zizindikumbutsa malo. Zoti mpira ungatitimire padothi lofewa, mutu wanga sunafikeko."

"Ndiye bwanji osangowauza? Akumvetsani, nawonso Ashona amakwirira."

"Ndiuze anthu aja anabwera ndi mowa Lolemba, ofuna chikho aja, kuti pagolo pali mchombo wa khanda ndipo mpira unaimapo? Ungafike Loweruka?"

Ankanena zoona. Sukanafika ngakhale mawa lake.

"Chabwino, kaufukuleni lero, tikauike kwina."

"Chokwiriridwa sichifukulidwa. Ine ndasamuka moyo wanga wonse, ndiyambenso kusamutsa mwana wa masabata atatu? Kiyi atenge. Lamulungu ndikakhala pansi pamenepo, akumbe ndi ine ndemwe."

"Adzakunyamulani ngati thumba la chimanga!" ndinakuwa. "Kunena simufuna, kufukula simufuna, ndiye mutani? Musuntha bwalo kapena?"

Ndinangonena mopsa mtima. Koma a Sakala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana bwalo kuchokera golo ili kukafika linalo, milomo ikuwerenga.

"Ku kalabu kuja tinkalisuntha chaka ndi chaka," anatero pang'onopang'ono, "kuti udzu wa pagolo upume. Osewera sanadziwepo n'kamodzi komwe. Munthu wa mpira amaona mzere, saona dziko." Anatolanso ndodo ija. "Koma mudziwiretu, alongo. Akadzakumba osapeza kanthu, wabodza mudzakhala inu."

Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo wanga ndinali nditaupeza. "Tiyambe nthawi yanji?" ndinafunsa.

Lachisanu linali tsiku lawo lolemba mizere, choncho palibe anadabwa kuwaona pabwalo. Tinadikira amuna apite kumafakitale, ana alowe m'kalasi. Bwalo lathu linalibe mpanda kapena mipando, linali fumbi lokhalokha pakati pa thengo, ndipo mwayi wathu unali umenewo. A Sakala anayeza mapazi asanu ndi limodzi kuchoka pagolo la kumitengo kulowera mkati, ndi asanu ndi limodzi kupitirira golo linalo. Tinatsitsa mitanda, tinazula nsanamira zinayi, tinakumba maenje atsopano ndi chitsulo chosongoka. Koma nthaka ya chilala, abale! Manja anga anatuluka matuza mpaka anaphulika. Maenje akale tinakwirira, kusinja ndi mtengo, kuwaza fumbi pamwamba. Mizere yakale tinaifufuta pokoka tayala lakutha lomangirira chingwe, ine kutsogolo ngati ng'ombe ya pangolo, ndikutukwana chamumtima mpira ndi amene anauyambitsa. Lidiya tinangomuuza kuti agwire chingwe asafunse, ndipo anagwira ndi dzanja limodzi, linalo atafukata mwana. Bambo ake ankabwera pambuyo ndi ndowa ndi bulashi, atawerama, osapupuluma.

Panadutsa amayi opita kuchigayo, panadutsa wapositi panjinga, panadutsa ngakhale mlamu wawo wa a Luka. Onse anapereka moni n'kupitirira. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija palibe munthu anaimapo kuti aone chimene mkuluyu amachita. Pofika masana bwalo linali lomwe lija, mizere ili mbee, koma malo aja anali atatsala kunja, kuseri kwa golo.

Lamulungu kutchalitchi sindinapite. Ndinalawirira n'kuika tebulo langa ndendende pamalopo, kireti ya mazira pansi pake, Lidiya ndi mwana pakampando pambali. Anthu anadzaza kuposa tsiku la gemu ija. Panali a Luka ndi piki, munthu wa ligi ndi kabuku kake, mayi ake a goloboyi, ndi aja ofuna chikho, amene anadzipanikiza kutsogolo kwenikweni kuti kanthuko kakangotuluka aone kumene kalowere. Chidakwa china, Josphat, chinaima pakati n'kumaphethira.

"Anthu inu, kodi mitengo iyi yabwerera m'mbuyo?"

Ndinati basi, tagwidwa. Koma anthu anaseka, wina n'kumukankha kuti akagone.

"Mai Eneles, lozani," anatero a Luka.

Ndinayenda n'kuima pakati pa nsanamira ziwiri zija, phazi limodzi kutsogolo kwa mzere. "Apa."

Piki yoyamba inadumpha ngati yamenya njanji. Anakumba mosinthana amuna anayi, thukuta lili chuchuchu. Dothilo lokha linkachitira umboni kuti khasu silinalikhudzepo chilengedwere. Anafika m'mawondo, anakuza uku, anakuza uko. Anapeza chitsekerero cha botolo ndi msomali wadzimbiri. Munthu wa ligi anatseka kabuku kake.

"Mai," a Luka anatembenukira kwa ine, akupuma mwawefuwefu, "munaona chiyani kwenikweni?"

Anthu onse aja ankandiyang'ana. Choonadi chinali pansonga ya lilime, chikundiwotcha. Ndinayang'ana kutebulo kwanga, ndinaona Lidiya akuyamwitsa, mapazi ake ali pamalo amene iye mwini sankawadziwa.

"Kaya," ndinatero. "Kunali kusanache bwino. Mwina sindinaone kanthu."

Tsiku limenelo ndinatukwanidwa m'zilankhulo ziwiri. Mayi ake a goloboyi, omwe aja ankagubuduka mumsewu dzana lomweli, ndi amene anatsogolera, ati ndimafuna kuphetsa nkhalamba yosalakwa. Asa! Wina anakuwa kuti Mai Manyepo, ndiye kuti mayi wa mabodza, ndipo dzinalo linandikakamira pomwepo. Mazira anga anabwerera onse kunyumba. A Luka anavula chipewa, anaomba m'manja mwa Chishona pamaso pa a Sakala n'kupepesa. A Sakala anangoti, "Bweretsani wilibala, mwandiwonongera golo."

Gemu ya tsikulo tinaluza zinayi kwa duu, ndipo chimodzi goloboyi wa bondo lotupa uja analowetsa yekha. Mukanaona mmene anthu anapitira kwawo mitima ili m'malo! Timu yathu inali itabwerera, panalibenso chofufuza.

Dzina lija ndakalamba nalo. Pali ana obadwa dzulodzuloli amene amanditchula Mbuya Manyepo osadziwa chiyambi chake, ndipo limandipwetekabe, makamaka ndikanena chinthu choona wina n'kumwetulira. Lero ndaulula chifukwa eni nkhani anagona kalekale pafupi ndi Olinda wawo, Chiza ndi bambo wa ana atatu, ndipo kansanza kaja kanasanduka dothi.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri si kutukwanidwako. Patatha masabata awiri chikumbireni, m'mawa wina ndinawapezanso a Sakala atagwada kuseri kwa golo kuja, ulendo uno dzuwa litatuluka, anthu akudutsa. Ankakumba phazi limodzi kuchoka pamalo paja. Pambali pawo panali chitini cha penti, m'chitinimo kamtengo ka mango ka masamba anayi. Kwa a Luka anali atanena kuti n'ka mthunzi wa amayi ogulitsa.

Ine pakamwa panga mwapadziwa kale. "A Sakala, mango amabereka patatha zaka zisanu. Adzadya ndani? Si inu a chaka chamawa?"

Anapitiriza kutapa dothi ndi manja osadzutsa mutu, kiyi uja akulendewera pakhosi.

"Kwathu kuli mchombo wanga wokha, alongo, ndipo amene anaukwirira anatha onse. Kuno kuli Olinda, kuli uyu." Analoza pamalo paja ndi chala. "Thiranki ija ndam'patsa Lidiya aziikamo matewera. Tagwirani chitinichi, musagwedeze mizu."

Ndinagwada pafumbipo n'kugwira ndi manja anga a matuza aja.